Mchere patsogolo, tsabola pambuyo: mawu a Chingerezi oyendera limodzi

Mlendo wophunzira Chichewa akakuuzani kuti “ndachapa mbale” kapena “ndatsuka malaya”, mumamva bwinobwino zimene akufuna kunena, koma khutu limakana. Mbale timatsuka. Malaya timachapa. M'manja timasamba, ndipo kumaso m'mamawa timasukusula. Madzi ndi omwewo, sopo ndi yemweyo, koma dzina lililonse lili ndi mneni wake amene linakwatirana naye kalekale, ndipo palibe mphunzitsi amene anatikhazika pansi kutiuza zimenezi. Tinaziyamwira kubere. Chingerezi chili ndi mneni mmodzi, “wash”, wokwanira ntchito zinayi zonsezi, koma nachonso chili ndi maukwati akeake ambirimbiri. Pamenepo ndi pamene ambiri a ife timapunthwa, ngakhale titaloweza malamulo onse a m'buku.

Kodi mukati mawu oyendera limodzi mukunena chiyani kwenikweni?

Pali mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mawu awiri a msinkhu umodzi olumikizidwa ndi “and” kapena “or”: “salt and pepper”, “ups and downs”, “sooner or later”, “give and take”. Akatswiri a ziyankhulo amawatcha binomials. Ine ndiziwatcha mapasa, chifukwa amafika limodzi, koma pali wotsogola ndi wotsatira, ndipo malo awo sasinthana. Mtundu wachiwiri ndi wa mawu osiyana ntchito amene anangozolowerana, mneni ndi dzina kapena mfotokozi ndi dzina: “make a mistake”, “heavy rain”, “catch a cold”. Awa amatchedwa collocations, ndipo ndi abale a kutsuka mbale kwathu kuja. Tiyamba ndi mapasa.

Ndikanena “pepper and salt” munthu amva ndithu. Vuto lili pati?

Amva, inde, monga inu mumamvera mlendo wochapa mbale uja. Koma adziwa nthawi yomweyo kuti mawuwo mwawamanga nokha, simunawatole kwa eni ake. Yerekezani mlaliki ataimirira kutsogolo n'kuyamba kuti “alongo ndi abale”. Sanaphwanye lamulo lililonse la Chichewa, koma mpingo wonse utukula mitu, chifukwa khutu lathu linazolowera “abale ndi alongo”.

Vuto lalikulu n'lakuti mapasa ambiri ali ndi tanthauzo lachiwiri limene limafa mukangowatembenuza. “Bread and butter” ndi buledi wopaka batala, komanso ndi ntchito imene munthu amadyerapo. “Tailoring is her bread and butter” ndiye kuti kusoka n'kumene kumamudyetsa mayiyo. Mukati “butter and bread” mwangotchula zinthu ziwiri za m'golosale. “Give and take” ndi kulolerana kumene banja kapena mgwirizano uliwonse umafuna, pamene “take and give” si kanthu. Munthu akati “I want it in black and white” akufuna kuti zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, pasadzakhale wokana mawa. Yakov Malkiel, amene ankaphunzitsa ku yunivesite ya California ku Berkeley, analemba za mawu oterewa mu 1959, ndipo dzina limene anawatcha, irreversible binomials, kutanthauza mapasa osatembenuzika, ndi limene akatswiri akugwiritsabe ntchito.

Si onse ali ouma chonchi. “Day and night” ndi “night and day” onse amamveka, monga ife timanena usana ndi usiku kapena usiku ndi usana osadabwitsa munthu.

Nanga amene anagamula kuti ili likhale patsogolo ndani? Pali lamulo?

Palibe bwalo limene linakhalapo pa nkhaniyi. Ndipo musaganize kuti ndi nzeru yachibadwa imene munthu aliyense woganiza angaitulukire yekha. Angerezi amati “black and white”, a ku Spain amayamba ndi choyera, “blanco y negro”. Angerezi amati “sooner or later”, a ku Spain amatsogoza kuchedwa, “tarde o temprano”. Komabe mukasonkhanitsa mapasa ambiri n'kuwayanika pamphasa, zizolowezi zingapo zimaonekera, ndipo kuzidziwa kumathandiza kulota molondola pamene mwaiwala.

Chimodzi champhamvu kwambiri ndi kutalika kwa liwu. Lalifupi limatsogola, lalitali limatseka: “salt and pepper”, “bread and butter”, “law and order”, “bits and pieces”, “cup and saucer”, “bow and arrow”, “ladies and gentlemen”. Tchulani mokweza “salt and pepper” mukuomba m'manja. Mumva kulemera, kupepuka, kulemera, kupepuka, ngati mapazi a munthu woyenda mosatekeseka. Kenako yesani “pepper and salt”. Pakati pagundana maphatikizo awiri opepuka, ndipo mawu akuthera mwadzidzidzi ngati ng'oma imene woimba waigwira ndi chikhatho. Chingerezi chimakonda kusinthanitsa phatikizo lolemera ndi lopepuka, ndipo khutu la mwini chiyankhulo limasankha njira yosalalayo osaganiza n'komwe. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti chizolowezichi si cha Angerezi okha. Panini, amene anasanja malamulo a chiyankhulo cha Sanskrit ku India wakale zaka zoposa 2,000 zapitazo, anaika lamulo lakuti mayina awiri akamangidwa pamodzi chonchi, la maphatikizo ochepa liyambe.

Chizolowezi china anachifotokoza William Cooper ndi John Ross mu 1975. Iwo anaona kuti woyankhula amatsogoza chimene chili pafupi ndi iye mwini, ndipo anachitcha “me first”, ine poyamba. N'chifukwa chake timamva “here and there”, “this and that”, “now and then”, “come and go”, “home and away”, “friend or foe”. Apa Chichewa ndi Chingerezi zimayenda njira imodzi, pakuti ifenso timati apa ndi apo, izi ndi izo, lero ndi mawa. Chokoma chimatsogola chowawa: “good and bad”, “right and wrong”, “win or lose”, “profit and loss”, “life and death”. Chakudya chenicheni chimatsogola chotsagana nacho, “fish and chips”, “tea and biscuits”, monga nsima ndi ndiwo.

Nthawi nayo ili ndi mbali yake. Choyamba kuchitika chimayamba kutchulidwa: “trial and error”, “rise and fall”, “hit and run”, “cause and effect”, “lost and found”, ngakhale “copy and paste” wa pakompyuta. Koma pali osamvera, ndipo ndi awa amene muyenera kuwaloweza paokha. “Back and forth” amatsogoza kubwerera munthu asanapite. “Thunder and lightning” amatsogoza bingu, chonsecho ching'aning'ani n'chimene chimayamba kuoneka. “Shoes and socks” amamveka kawirikawiri ngakhale palibe amene amavala nsapato kaye kenako sokosi.

Pali kachizolowezi kenanso ka khutu lokhalokha. Mawu awiri akafanana kwambiri, la “i” limatsogola la “a” kapena “o”: “zigzag”, “tick-tock”, “flip-flop”, “chit-chat”, “ping-pong”, “hip-hop”, “bits and bobs”, “dribs and drabs”. Mwana wa ku London wazaka zinayi sanganene “tock-tick”, ndipo mutamufunsa chifukwa chake sangakuyankheni.

Ndaona kuti mwamuna amakhala patsogolo nthawi zambiri. N'zoona?

N'zoona. “Men and women”, “boys and girls”, “brothers and sisters”, “king and queen”, “Mr and Mrs”, “his and hers”. Taonani “husband and wife”: liwu lalitali lili patsogolo, lalifupi pambuyo, kuswa chizolowezi cha khutu chija. Apa mwambo wa anthu unaposa kukoma kwa mawu. Mkazi amatsogola m'malo owerengeka, makamaka a pabanja ndi paukwati, monga “mum and dad”, “bride and groom”, “aunts and uncles”, komanso pa ulemu wa pamsonkhano, “ladies and gentlemen”.

Mapasa a mtundu umenewu sali ngati “bread and butter”, chifukwa mukawatembenuza tanthauzo silifa. Olemba ambiri lero amalemba dala “women and men” kapena “girls and boys”, ndipo mphunzitsi sayenera kudutsitsapo cholembera chofiira. Mwana wamkazi amene walemba “girls and boys” m'chimangirizo chake sanalakwitse Chingerezi.

N'chifukwa chiyani mapasa ena amangonena chinthu chimodzi kawiri?

“Null and void”, “aid and abet”, “cease and desist”, “goods and chattels”, “last will and testament”, “terms and conditions”. Aliyense amene anasainirapo pangano la lendi kapena la ngongole anakumana nawo, chifukwa makhoti a ku Malawi ndi ku Zambia anatengera malamulo ndi kayankhulidwe ka ku England. Mbiri yake ndi yaitali koma ndi yokoma.

Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo olamulira atsopanowo ankayankhula Chifalansa. M'kupita kwa zaka Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha m'makhoti, Chilatini cha zikalata, pamene anthu wamba ankayankhula Chingerezi chawo kumudzi. Ife zimenezi tikuzidziwa bwino, pakuti tinaonapo agogo akuimirira m'khoti kudikira womasulira kuti awauze zimene zikunenedwa za munda wawo. Mu 1362 nyumba ya malamulo ya ku England inalamula kuti milandu izikambidwa m'Chingerezi, ndipo chifukwa chimene inapereka n'chomwecho, kuti anthu sankamva zonenedwa pa milandu yawo yomwe. Koma maloya anakakamirabe Chifalansa chawo kwa zaka mazana ena, ndipo ndi m'zaka za m'ma 1730 pamene lamulo linakakamiza kuti zolemba za makhoti zikhale m'Chingerezi.

M'nyengo yaitaliyo mlembi wosamala ankaika liwu la Chingerezi pambali pa la Chifalansa kapena la Chilatini, kuti pasakhale pothawira. “Goods” n'Chingerezi, “chattels” linachokera ku Chifalansa, ndipo liwu lachiwirili ndi la muzu umodzi ndi “cattle”, ng'ombe, pakuti chuma cha munthu chinkawerengedwa m'khola. “Breaking” n'Chingerezi, “entering” linachokera ku Chifalansa. “Will” n'Chingerezi, “testament” n'Chilatini. David Mellinkoff, loya wa ku America, anafufuza zimenezi mozama m'buku lake la 1963 lonena za chiyankhulo cha malamulo.

Koma nkhani siithera pa kumasulira. “Aid and abet” onse awiri anachokera ku Chifalansa, ndipo “each and every” onse awiri ndi a Chingerezi. Angerezi ankakonda kale kubwereza, makamaka mawu oyamba mofanana, kuti chonenedwa chilemere ndi kukhala m'mutu m'masiku amene ambiri sankatha kuwerenga. Chikondi chimenecho ndi chimene chikumveka mu “safe and sound”, “part and parcel”, “house and home”, “tried and tested”, komanso mu mawu othera mofanana monga “wear and tear”, “fair and square”, “hustle and bustle”. Ife tikafuna kutsindika timabwereza liwu lomwelo, zenizeni, kwambirimbiri, pang'onopang'ono. Iwo amaitana liwu lina lofanana nalo kuti liime pambali.

Mawu ena a m'mapasa sindinawaonepo paokha. Kodi “kith” kapena “fro” n'chiyani?

Mapasa ali ngati nkhokwe imene yasunga mbewu zoti m'minda zinatha kalekale. Liwu limafa paliponse, koma limatsala lamoyo chifukwa chogwirana dzanja ndi mnzake.

Mu “kith and kin”, “kin” ndi abale. “Kith” kale linkatanthauza anthu odziwana nawo ndi dziko lakwanu, koma lero silituluka lokha. Achikulire amene anagwirapo ntchito ku Rhodesia m'masiku a Ian Smith angawakumbukire mawu amenewa, chifukwa pambuyo pa 1965 ankamveka kwambiri m'ndale za ku Britain ponena za azungu a ku Rhodesia, kuti ndi abale osayenera kuthiridwa nkhondo. “To and fro” ndi kupita ndi kubwera. “Fro” ndi liwu la ma Viking, anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England m'zaka za m'ma 800 ndi 900, ndipo ndi m'bale wa “from”. Nyumba yosesedwa ndi kukolopedwa bwino amati ili “spick and span”, ndipo “span” ameneyu anachokeranso kwa ma Viking, kunena kachibanthu ka mtengo kongosemedwa kumene, katsopano, kosakhudzidwa ndi dothi.

Ena ali ndi nkhope yodziwika koma tanthauzo lakale, ndipo awa ndi amene amasocheretsa. M'pasipoti ya ku Britain muli pempho lakuti mwini wake adutse “without let or hindrance”. “Let” wa masiku ano ndi kulola, koma uyu ndi kutsekereza, ndipo tanthauzo lakalelo linatsaliranso m'masewera a tenisi, mpira ukakhudza ukonde poyambitsa. Mu “safe and sound” mulibe phokoso. “Sound” ameneyu ndi thanzi, m'bale wa liwu la Chijeremani “gesund”. “Pros and cons” ndi Chilatini chodulidwa, “pro” kuvomereza, “contra” kutsutsa. “By and large” anachokera kwa amalinyero a zombo za matanga: “by” kunali kuyenda chombo chitaloza kufupi ndi kumene mphepo ikuchokera, “large” mphepo ikukankha kuchokera kumbuyo. Chombo choyenda bwino “by and large” chinali choyenda bwino mphepo iliyonse, ndipo lero mawuwa amatanthauza kuti tikaona zonse pamodzi. “By and large, the harvest was good.”

Tsopano m'chiganizo ndiziwaika bwanji?

Mapasa ambiri amatengedwa ngati chinthu chimodzi, choncho mneni wake amakhala wa chimodzi. “Fish and chips is cheap here.” “Law and order has broken down.” “Trial and error is the only way.” Mwana wasukulu amene anaphunzitsidwa kuti “and” amaitana “are” amaona ngati buku lalakwa, koma silinalakwe, pakuti iyo ndi mbale imodzi ya chakudya, ilo ndi ganizo limodzi. Pa chifukwa chomwecho kaliwu ka “a” kamabwera kamodzi kokha, “a knife and fork”, “a cup and saucer”, ndipo nthawi zina sikabwera n'komwe: “They are now husband and wife.”

Akaima patsogolo pa dzina kuti alifotokoze, amamangidwa ndi timizere: “a black-and-white photograph”, “a hit-and-run driver”, “bread-and-butter issues”. Akaima pambuyo pa mneni timizere sitifunika: “The photograph is black and white.”

Koma malamulo awa ndi mafupa chabe. Mnofu wake uli m'ziganizo zimene anthu amanena tsiku ndi tsiku. “I see him now and then”, ndimamuona mwa apo ndi apo. “It rained on and off all day”, mvula inkagwa n'kumakata tsiku lonse. “The work is more or less finished”, ntchito yangotsala pang'ono. “Sooner or later the truth will come out”, kaya lero kaya mawa zoona zidzaululika. “Every marriage has its ups and downs”, banja lililonse lili ndi zokoma ndi zowawa zake, ndipo taonani kuti mawu awiriwa amakhala ochulukitsa. “Weigh the pros and cons before you sign”, onani ubwino ndi kuipa kwake musanasaine. “I only packed a few odds and ends”, ndangolongedza tizinthu ting'onoting'ono. “I need some peace and quiet”, ndikufuna kupumako popanda wondisokosa.

Samalani ndi “sick and tired”. Munthu akati “I am sick and tired of waiting” sakudwala ayi, zamufika m'khosi. Ndi mawu aukali, oyenera mnzanu wa msinkhu wanu, osati abwana kuntchito kapena apongozi.

Katchulidwe nako n'kofunika, ndipo sikaphunzitsidwa mokwanira. M'mapasa “and” amafota mpaka kutsala “n” yekha, n'chifukwa chake pazikwangwani amalemba “fish 'n' chips” ndi “rock 'n' roll”. Ife timakonda kumupatsa “and” mphamvu yonse, ngakhale kumuwonjezera “i” kumapeto, ndipo tikatero mapasa amang'ambika n'kukhala zinthu ziwiri. Komatu lilime lathu limadziwa kale kufotetsa kumeneku. “Ndi” wathu amasanduka “n'” tikamati n'zoona, n'chiyani, anadzuka n'kupita. Chitani chimodzimodzi ndi “and”.

Tibwerere ku mtundu wachiwiri uja. N'chifukwa chiyani “make” ndi “do” amandisokoneza chonchi?

Chifukwa pakamwa pathu kupanga kunameza zonse. Timapanga tiyi, timapanga bizinesi, timapanga ngozi, ndipo tikakumana timafunsana kuti ukupanga chiyani. Chingerezi chimagawa katunduyu kwa aneni angapo. Chimati “make a mistake”, “make a decision”, “make money”, “make friends”, “make a noise”, koma “do homework”, “do business”, “do the dishes”, “do me a favour”, “do your best”, ndipo ngozi amati “have an accident”. Aphunzitsi amati “make” ndi kutulutsa chinthu chimene kunalibe, “do” ndi kugwira ntchito, ndipo mfundo imeneyi imakuperekezani theka la ulendo. Theka linalo mumayenda nokha, chifukwa “make the bed” ndi kuyala pabedi, si ukalipentala.

Aneni ena nawo ali ndi anzawo osayembekezeka. Chidwi amachilipira, “pay attention”. Chimfine amachigwira, “catch a cold”. Bodza ndi zoona zimayenda ndi “tell”, osati “say”. Chithunzi amachitenga, “take a photo”. Lonjezo amalisunga kapena kuliswa, “keep a promise”, “break a promise”. Afotokozi nawonso ali ndi tsankho lawo: mvula ndi “heavy”, mphepo ndi “strong”. Michael Halliday, katswiri wa ku Britain, anapereka chitsanzo chotchuka mu 1966, chakuti tiyi amakhala “strong” pamene galimoto imakhala “powerful”, ndipo simungazisinthanitse ngakhale mawu awiriwa onse akunena za mphamvu. Ife timati munthu wamtali, phiri lalitali, msewu wautali, tsinde limodzi lokha. Iwo amati “tall man”, “high mountain”, “long road”.

Zolakwa zathu zambiri sizichokera ku umbuli. Zimachokera ku Chichewa chabwino chovekedwa malaya a eni. Timamwa mankhwala, ndiye timati “drink tablets” m'malo mwa “take”. Timakwera basi, ndiye timati “climb the bus” m'malo mwa “take”, “catch” kapena “get on”. Timamva fungo, ndiye timati “hear a smell”. Timatsegula wailesi, ndiye timati “open the radio” m'malo mwa “switch on”. Timayendetsa galimoto, njinga ndi ndege ndi mneni mmodzi, pamene iwo amati “drive”, “ride”, “fly”. Mngerezi wophunzira Chichewa amavutika chimodzimodzi akamva kuti foni timaimba, ntchito timagwira, ndipo nyumba, banja ndi mbava zonse timamanga.

Vutoli analiona kale aphunzitsi. Harold Palmer, Mngerezi amene ankaphunzitsa ku Japan, anaona kuti ophunzira ake ankadziwa mawu ambiri koma osadziwa kuwakwatitsa, ndipo mu 1933 anatulutsa lipoti la mawu oyendera limodzi. Amene ankagwira naye ntchito kumeneko, A. S. Hornby, ndi amene analemba mtanthauziramawu umene Oxford inasindikiza mu 1948, gwero la Oxford Advanced Learner's Dictionary imene ambiri tinaigwirapo kusukulu. Ziganizo zachitsanzo zodzaza m'buku limenelo zinaikidwa dala, kuti muone liwu lili pakati pa anzake.

Ndiye tikamati “write exams” kapena “eat money” tikulakwa?

Funsoli ndimaliyankha mosamala, chifukwa ndaona ana anzeru akutseka pakamwa m'kalasi poopa kusekedwa. “Write exams” amamveka ku Malawi, ku Zambia, ku South Africa, ngakhale ku Canada ndi ku India. Ku Britain amakonda “sit” kapena “take”. Kumeneku si kulakwa, ndi kusiyana kwa madera, monga mmene Chinyanja cha ku Lusaka chimasiyanirana ndi Chichewa cha ku Kasungu. “Eat money” ali ndi chithunzi chimene “embezzle funds” alibe, chithunzi cha munthu wokhuta pamene anzake ali ndi njala, ndipo wolemba nthano amene akufuna kuti anthu ake amveke ngati a kuno ayenera kuwasunga mawu otere.

Komabe munthu amapita kumsika ndi ndalama imene ikuyenda pamsikapo. Pa mayeso a MSCE, pamene wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza maphunziro ena, kapena m'kalata yofunsira ntchito yopita ku Manchester, lembani zimene wowerengayo akuyembekezera. Ndipo pali ena amene amasokonezadi uthenga. “Borrow me your pen” kwa Mngerezi ndi chiganizo chosamveka bwino, chifukwa “borrow” ndi kubwereka, “lend” ndi kubwereketsa. Chichewa chimasiyanitsa ziwirizi ndi kachidutswa kakang'ono kumapeto, Chingerezi chimasintha liwu lonse.

Mawuwa ndi ochuluka zedi. Munthu angawaphunzire bwanji?

Lekani kulemba liwu lokha m'kope. Mukakumana ndi “decision”, lembani “make a decision”, “reach a decision”, “a tough decision”, ndi chiganizo chimene mwalipezamo. Mukatsegula mtanthauziramawu, musathamangire tanthauzo n'kutseka, werenganinso zitsanzo zili m'munsimo. Pali mabuku opangidwira ntchito yomweyi, monga Oxford Collocations Dictionary imene inatuluka mu 2002, yomwe imasonyeza aneni ndi afotokozi oyenda ndi dzina lililonse. Ndipo tchulani mokweza. Mapasa amakhala m'khutu ndi palilime, monga nyimbo ya pamtondo. Mukanena “sooner or later” kakhumi mukuyenda panjira, tsiku lina “later or sooner” adzakulumani m'khutu monga “ndachapa mbale” amakulumirani.

Kodi n'kotheka kuwachulutsa mopitirira muyeso?

N'kotheka kwambiri, ndipo ndi matenda a amene aphunzira bwino. Pitani ku msonkhano kapena ku phwando la ukwati mukamve: “first and foremost”, “each and every one of you”, “part and parcel”, zonse m'mphindi ziwiri zoyamba. Woyankhula amaona ngati akulemekeza anthu, koma mchere ukachuluka ndiwo sizidyeka. Ku Britain komweko anthu anatopa ndi chiyankhulo cholemera cha m'maofesi, ndipo mu 1979 Chrissie Maher anayambitsa bungwe la Plain English Campaign lolimbana ndi mafomu ndi makalata osamveka kwa munthu wamba. M'kalata ya kuntchito “first” amakwanira, “every” amakwanira, ndipo pangano lothetsedwa likhoza kungokhala “void”.

Muyeso wake ndi kufunsa ngati liwu lachiwiri labweretsa kanthu. Mu “each and every” nthawi zambiri silibweretsa. Mu “give and take”, “trial and error” ndi “ups and downs” simungachotse limodzi tanthauzo osagwa. Ndipo mwana wanu akakwera basi yopita ku Johannesburg n'kukhala panjira usiku ndi usana, uthenga umene mumaudikira pafoni ndi “arrived safe and sound”. Liwu la “safe” likukuuzani kuti sanakumane ndi choopsa panjira, la “sound” kuti thupi lake lili bwino, ndipo kholo limafuna kumva onse awiri.